Mizere Yanga Iwiri

Sindikumbuka bwino ngati ndinachoka kwathu ndili maso kapena ndili m'tulo. Chomwe ndikukumbuka n'chakuti mayeso a Folomu 4 anali atangotha, inki idakali pachala, ndipo msewu unali utagona pakhomo pathu ngati galu wodikira mwini wake. Ndinautsata.

Tauni yoyamba inali ya fumbi. Ndinalowa mu ofesi ina kukapempha madzi akumwa, ndipo pakhoma ndinaona chipepala chachikulu chojambulidwa timabokosi, mizere yolumikiza timabokosito, ndi kamtambo pamwamba pake. Ludzu linandithera pomwepo.

"Bambo, chimenechi n'chiyani?" ndinafunsa mlonda amene anandipatsa kapu.

"Mapu a netiweki. Makompyuta onse a muno, ndi a ku nthambi zathu zakutali, amayankhulana kudzera m'mizere imeneyo."

"Anajambula ndani?"

"Akitekiti. Munthu wamkulu ameneyo. Ena amakumba, ena amakwera, ena amakoka zingwe, iye amangoloza ndi pensulo kuti mzere uwu udutse apa. Basi, udutsa."

Pakona ya pansi pa pepalalo panali kabokosi kolembedwa dzina la wojambulayo. Ndinakayang'ana kabokosiko mpaka mlonda anandilanda kapu. Ndinatuluka ndikudziwa chomwe ndinabadwira: kudzajambula mapu anga, anthu n'kuwamanga, dzina langa n'kukhala pakona. Ndinkaona kale mtsikana wina, nkhope yake ndisanaidziwe, ataima pakhoma akuwerenga dzinalo chamumtima. Ndinadzipatsa miyezi isanu ndi umodzi.

M'tauni yomweyo munali a Kaliwo, mmisiri wokoka zingwe za makompyuta, munthu wamfupi wokhala ndi pensulo kukhutu imene sindinaione ikulembapo kanthu.

"Ukudziwa chiyani, mphwanga?" anandifunsa.

"Kujambula."

"Zabwino kwambiri. Gwira makwerero."

Ndinakhala m'siling'i nyengo zingapo. Sindinganene kuti zingati, chifukwa m'siling'i mulibe dzinja kapena chilimwe, muli kutentha ndi zitosi za mileme. Ndinaphunzira kuti m'chingwe chimodzi muli timawaya tisanu ndi titatu ta mitundu yosiyana, ndipo ukasemphanitsa tiwiri tokha kompyuta imakuyang'ana ngati sinakuonepo. Ndinaphunzira kuti khoswe amakonda chingwe chatsopano kuposa chimanga. A Kaliwo anali ndi lamulo limodzi lalikulu: chingwe chilichonse chilembedwe mbali zonse ziwiri, komwe chachokera ndi komwe chathera.

Tsiku lina anandisiya pa sukulu ina ya sekondale ndi zingwe makumi anayi ndi cholembera. Ndinayamba ndi wani, thuu, firii, koma manambala ankandiuma kukhosi. Zingwe zokongola chonchi, zoyenda mumdima kukafuna anzawo, n'kuzitcha seveni? Ndinazipatsa mayina a atsikana amene ndinawakondapo.

Patapita sabata, kompyuta ya ahedi inasiya kuyankhula. Tinapita. A Kaliwo anaima pamaso pa mtolo wa zingwewo, manja m'chiuno.

"Cha ku ofesi ya ahedi ndi chiti?"

"Ndi Lusungu, bambo."

"Ndani?"

"Lusungu. Cha kulaibulale ndi Fainesi."

Anagwira chingwe chimodzi n'kuwerenga. Anagwira china. Anagwiranso china.

"Nanga bwanji ma Lusungu alipo asanu ndi awiri?"

"Ameneyo ndinamukonda kwambiri."

Tinazula Lusungu mmodzimmodzi, ndipo uku tikuzula uku aphunzitsi akutulukira m'maofesi mwawo akukalipa. Lusungu wa ahedi anali wachisanu ndi chiwiri. A Kaliwo sanandimenye. Anachotsa pensulo kukhutu, kuiyang'ana, n'kuibwezera.

"Mphwanga, chikondi n'chabwino, ifenso tinakondako. Koma amene adzabwere pano iwe utachoka sadzamudziwa Lusungu. Tenga cholembera."

Ndinalemba manambala masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinakwera minibasi. Ndinkaona kuti nthawi ikundithera.

Msewu unatsika, unatsikabe, mpaka unandilavulira m'tauni ya m'chigwa, kotentha moti mbuzi zinkayenda mwaulemu. Kumeneko, m'maofesi a bungwe lina, munali chipinda cha maseva, makompyuta aakulu opanda nkhope amene amasunga ntchito za anthu onse. Amene ankayang'anira chipindacho anali Che Jafali, bambo wamtali wolankhula ngati akusunga mawu ena a mawa.

"Ukudziwa chiyani?"

"Kujambula. Ndi kukoka zingwe."

"Eya. Gwira tsache."

Maseva safuna kutentha, choncho m'chipindamo munali makina oziziritsa, ndipo chinali chipinda chokhacho chozizira m'tauni yonseyo. Ndikusesa ndinapeza kuseri kwa maseva nsomba za mayi a ku risepushoni, botolo la mkaka wa mwana wa sekilitale, thobwa la madalaivala, ndi mkeka wopinda bwino wa akalaliki, amene ankadzatsamirapo pang'ono dzuwa likafika paliwombo. Chitseko chinkangotsegulidwa, kutsekedwa, kutsegulidwa. Mphepo yozizira inkathawa, maseva ankatentha, ndipo masana ena ankangozima okha ngati akwiya.

Mtima wanga unavina. Ndinajambula pulani yanga yoyamba: maseva khumi ndi awiri, mizere yowongoka, ndi loko wamkulu pachitseko. Che Jafali anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Yesa," anatero.

Loko anaikidwa. Sabata yoyamba palibe anandipatsa moni. Sabata yachiwiri ndinapeza galasi limodzi la zenera lakumbuyo litachotsedwa mwaluso, ndipo pa chingwe cha nayiloni pankatsika jumbo ya nsomba, pang'onopang'ono, ngati mngelo. Mphepo yotentha inkalowa ndi nsombazo, tsopano usana wonse. Maseva anazima katatu tsiku limenelo.

Che Jafali anandiitana n'kuyala pulani yanga patebulo.

"Muno muli makina angati?"

"Khumi ndi awiri."

"Anthu?"

"Anthu mulibe, bwana. Ndi pulani ya makina."

"Ndiye nsombazi zikumabwera zokha?"

Anatenga pensulo yanga, anajambula kabokosi m'khonde, kunja kwa chipinda, n'kulembamo kuti filiji. Pambali pake anajambula benchi ndi fani. Bungwe linagula zinthuzo, galasi linabwerera pazenera palibe woliona, ndipo maseva sanazimenso. Akalaliki anayambiranso kundipatsa moni.

Ine ndinakwiya. Sindinachoke kwathu kudzajambula filiji.

Kenako kunali mzinda waukulu, wa nyumba zosanjikizana ndi anthu oyenda ngati aitanidwa. Minibasi yopita kumeneko inali ngati yomweija, kondakitala wakenso ngati yemweuja, kungoti anali atameta. Pa kampani ina anthu atatu ovala mataye anandifunsa chomwe ndikudziwa. Ndinayankha kwa mphindi khumi. Anati ndigwire foni. Ntchito yanga inali kuyankha anthu amene makompyuta awo afa, ndi kuwafunsa mofatsa ngati ayatsa pakhoma.

Zaka za kumeneko ndimazikumbuka ngati tsiku limodzi lalitali. Nthawi ya nkhomaliro ndinkawerenga pa foni yosweka galasi, ndikulemba mayeso a masatifiketi, kulephera, kulembanso. Ndinkasuzumira pamapewa a akuluakulu ojambula. Kwa iwo ndinamva lamulo limene ndinalikonda kuposa onse: chilichonse chofunika chikhale chiwiri. Magetsi awiri, maseva awiri, njira ziwiri zobweretsa intaneti, kuti china chikafa chinzake chinyamule katundu popanda munthu kuzindikira. Ndinkaliona ngati lamulo la ukwati. Ndinkalinena ndekha m'njira, anthu n'kumandipatuka.

Ndinalimvera lamulolo. Mapu onse amene ndinkajambula mongoyeserera ndinkawasunga pawiri, mu laputopu ndi mu fulashi. Laputopu ndinkaiika m'chikwama, fulashinso m'kathumba ka chikwama chomwecho. Tsiku lina ndinatsika minibasi ndikuyang'ana mtsikana wa ambulera yachikasu, chikwama n'kupitirira ulendo chokha. Ndinalira pasiteji. Ndinati ndi tsoka. Sindinaganize china.

Ndinayendanso. Tauni yomaliza inali ndi koleji pamwamba pa kaphiri, kutsidya kwa kamtsinje. Mkulu wa zamakompyuta kumeneko anali Mayi Nasimango, mayi wa magalasi olendewera pachifuwa, amene sankamwetulira pachabe.

"Mukudziwa chiyani?" anandifunsa. Kanali koyamba munthu wofunsa funsoli kunditchula kuti inu.

"Kujambula," ndinatero.

"Gwirani pensulo."

Vuto lawo linali lakuti intaneti ya pakoleji inkangoduka, ndipo chaka chimenecho ophunzira onse ankayenera kulembetsa maphunziro ndi mayeso pa kompyuta.

"Ndikukupatsani miyezi itatu," anatero Mayi Nasimango. "Jambulani, amange. Tsiku lotsegulira kudzabwera alendo ndi akuluakulu a bodi yoyendetsa kolejiyi. Netiweki yanu ikadzaima tsiku limenelo, ntchito ya akitekiti ndi yanu. Ikadzagwa, msewu mukuudziwa, ndaona nsapato zanu."

Ndinajambula ngati munthu woimba. Maseva awiri. Jenereta ndi mabatire. Ndipo pamwamba pa zonse, mizere iwiri: wofiira, chingwe cha faiba cha kampani ina, cholowa pakoleji kuchokera kum'mawa, wabuluu, cha kampani inanso, cholowa kuchokera kumadzulo. Papepala mizereyo inali kutali ngati anthu odana. Makampani anavomera, anatumiza akapitawo awo, akapitawo analemba aganyu okumba ngalande. Ine ndinkaona ntchito ili mkati kudzera pazenera ndi pa zithunzi za pafoni. Kunja kunali matope, komanso akitekiti amangoloza. Nditaona chingwe china chatulukira kukhoma la kum'mawa, china la kumadzulo, ndinasaina. Pakona ya mapu ndinalemba dzina langa, pang'onopang'ono, lilime lili panja.

Tsiku lotsegulira anakhoma tenti. Kunali kwaya ya ophunzira, mpunga ukununkhira kuseri, ndi wapampando wa bodi, bambo wonenepa amene maso ake ankangopita komwe kunkachokera fungolo. Sikirini yaikulu inkaonetsa tsamba lolembetsera. Ndinaimirira ndi maikolofoni.

"Alendo olemekezeka, taonani. Ndipha chingwe chimodzi ndi dzanja langa."

Ndinazula chofiira n'kuchikweza m'mwamba ngati njoka yakufa. Sikirini sinaphethire n'komwe. Amayi anaimba nthungululu. Ndinachibwezera, ndinazula chabuluu, chimodzimodzi. Ndinawerama katatu, kawiri kosafunika.

Ndiye wapampando anaitanidwa kuti alembetse wophunzira woyamba. Anatambasula chala, anadina, ndipo sikirini inayera mbee. Ndinathamangira kubokosi limene zingwe ziwirizo zinkalumikizidwamo. Timagetsi tonse tiwiri, ta chofiira ndi ta chabuluu, tinali titazima limodzi.

Mayi Nasimango anavala magalasi awo. "Pitani mukaone," anatero motsitsa mawu. "Ndi miyendo."

Ndinatulukira pageti la kum'mawa ndikutsata dothi lofukulidwa. Linayenda pang'ono molunjika kum'mawa, kenako linakhota, linazungulira mpanda, n'kukumana ndi dothi lina lofukulidwa lochokera kumadzulo. Kuchokera pamenepo ngalande inali imodzi. Ndinaitsata kutsetsereka kaphiri mpaka kudimba la m'mbali mwa kamtsinje. Pamenepo alonda awiri a pakoleji, amene anali atafika kale panjinga, anaimirira uku ndi uku kwa mayi wachitsikana wogwira khasu. Pakati pa mitumbira ya mbatata panali zingwe ziwiri zoduka, zitagona moyandikana.

Ndisabise, nditamuona mayiyo ndinazindikira kuti ndi iye amene ndinkamulota ataima pakhoma. Anali ndi thukuta pamphuno ndi maso osaopa munthu.

"Dzina lake ndi Mwandida," anatero mlonda mmodzi. "Wavomera yekha."

"Ndavomera, nanga ndikane khasu lili m'manja?" anatero Mwandida. "Mvula inakokolola dothi, zingwe zanuzi zinakwera pamwamba. Ndimayesa muzu. Inu ndinu eni ake?"

"Ndine ndinajambula. Koma sizingatheke. Chinachi chimayenera kudutsa kumadzulo."

Anaseka mpaka anatsamira khasu.

"Kumadzulo! Achimwene, kumadzulo munapitako? Kuli thanthwe kuchokera pano mpaka kumsewu. Ngalande iyi tinakumba ndife, ine ndi anzanga. Kampani yoyamba inatilemba, tinakumba milungu iwiri, manja matuza okhaokha. Itabwera yachiwiri inalembanso ife, nanga okumba kuno alipo ena? Ndiye munthu wamutu wake aswe thanthwe pomwe pali ngalande yofewa kale? Tinafukula yomweyi, tinagoneka chinacho pambali pa chinzake, ngati mapasa. Kapitawo wawo anatigulira mpaka mandasi."

"Koma pakoleji zikulowa mbali ziwiri."

"Eee, pampanda paja tinazipatula. Kapitawo anati abwana amaonera pazenera."

Alonda anayang'ana kumbali. Ine ndinakumbuka chikwama chija, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti silinali tsoka.

Tinakwera kaphiri tonse anayi, khasu litanyamulidwa ndi mlonda ngati umboni. M'tenti anthu anali atayamba kudzikupiza ndi mapulogalamu. Wapampando ataona khasulo nkhope yake inawala.

"Aha! Ndi khasu eti? Anthu akumudzi awa. Akitekiti, tangonenani kuti mapu anu ndi abwino, walakwa ndi mayiyu, apite naye kupolisi, ife tidye. Mpunga ukuzizira."

Anandipatsa maikolofoni. Zinali zosavuta. Mawu atatu okha, ntchito n'kukhala yanga. Ndinayang'ana mapu anga opachikidwa pambali pa sikirini, okongola kuposa chilichonse chimene ndinapangapo. Ndinayang'ana Mwandida, amene tsopano sankasekanso. Ankapukuta manja pachitenje, kupukutanso, ngakhale anali ouma.

"Khasu ladula malo amodzi," ndinatero. Maikolofoni inalira. "Mapu angawa amalonjeza kuti kudula malo amodzi sikungazimitse kanthu. Ndiye onama ndi mapuwa. Zingwe zonse ziwiri zili m'ngalande imodzi, ndipo ine ndinasaina ndisanapondeko. Pakanapanda mayiwa lero, ikanakhala nkhumba mawa."

Woimbitsa kwaya, poona kuti munthu wamaliza kulankhula, anakweza manja, ana n'kuyamba nyimbo yothokoza. Anawaletsa ali pa mzere wachiwiri.

Mwandida anamubwezera khasu lake. Ndinamuperekeza mpaka pageti, mtima ukukonza mawu amene ndinawasunga zaka zonsezi. Ndisanatsegule pakamwa panaima njinga, pa njingapo bambo wamapewa otambalala, kumbuyo kwake kamwana kakudya nzimbe.

"Bambo ake Yamikani, ndi awa andipulumutsa," anatero Mwandida. "Zikomo achimwene. Muli ndi mtima wabwino, mutu wokha ndiye muuonetse kwa anthu."

Anakwera, anapita. Kamwanako kanandibayibitsa ndi nzimbe.

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi kukatenga pensulo zanga. Ndinapeza Mayi Nasimango ataimirira pampando, akukhoma msomali kukhoma.

"Mukupita kuti?" anafunsa osatembenuka.

"Munati ikagwa, msewu ndikuudziwa."

"Ndinatero. Ndaganizanso. Ndikakuchotsani ndilemba wina amene sanalakwitsepo, adzaphunzirire pa ine, pamaso pa bodi, ngati inuyo. Ine manyazi a dzulo sindiwafunanso kawiri. Inu mwalakwitsa kale. Tandipatsirani mapuwo."

Ndinawapatsira. Anawapachika pamsomali, moyang'anizana ndi tebulo langa, mapu olakwika aja, dzina langa lili pakona m'zilembo zanga zosamalitsa.

"Akhala pamenepa. Muziwaona m'mawa uliwonse. Tsopano jambulani ena, ndipo ndisakupezeni muno dzuwa lisanapendeke."

Mapu achiwiri ndinawajambula tsiku lomwelo, pabondo, ndili panja. Mzere wabuluu ndinaulambalalitsa thanthwe, n'kuudutsitsa pa kankhalango kamene ndinkakaona patali, kobiriwira bwino. Ndinanyadira ndithu. Kutacha ndinatsika ndi pepala langa kukakumana ndi okumba. Anali khumi ndi awiri, atakhala pa makasu awo, ndipo wowatsogolera anali Mwandida. Analandira pepalalo, analitembenuza, anayang'ana kumadzulo, analiyang'ananso. Kenako analipereka kwa mnzake, mnzakeyo anagwira pakamwa.

"Abwana," anatero Mwandida, "mzere wanu wabuluuwu ukudutsa pakati pa manda."

"Manda? Papepala palibe manda."

"Papepala safa anthu."

Ndinakhala pansi pa chulu, ndinatulutsa labala.

"Chabwino," ndinatero. "Tiyeni kutsogolo, mundionetse komwe amoyo amadutsa."